Nkhope Pakhoma la Eni

MUTU 5

1. Khoma

Nyumba za matenanti zimafanana kulikonse. Mukaziona ku Kasungu, ndiye kuti mwaziona ku Mchinji. Chipinda chimodzi chodulidwa pakati ndi chiguduli, denga la udzu, chitseko chopindika, ndi kabowo kolowera mphepo kongokwana dzanja. Wogonamo chaka chino si amene adzagonemo chaka chamawa. N'chifukwa chake simudzapeza mtengo wa mango pakhomo pa tenanti.

Koma pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Chiosya, nyumba yachitatu pamzere wa kumunsi inali ndi chinthu chimene zinzake zinalibe. Pakhoma la m'kati, moyang'anana ndi chitseko, panali nkhope ya mayi yojambulidwa ndi khala.

Anaijambula ndi Keziya, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, wa Sitandade 7. Kwawo kunali ku Phalombe, m'tsinde mwa phiri la Michesi. Tikuti kunali, chifukwa tsopano kulibe. M'mwezi wa Malichi, chaka cha 2023, napolo anatsika m'phiri ndi miyala yaikulu ngati nkhokwe. Anakokolola nyumba, munda, mbuzi, ndi amayi ake a Keziya. Thupi lawo silinapezeke. Foni imene inali ndi zithunzi zawo inapita nawo limodzi.

Bambo ake, a Kefasi, anali mkamwini pamudzipo. Mkazi atapita, munda utasanduka miyala, analibenso poima. Itabwera lole yofuna matenanti, anakwera ndi mwana wawo mmodzi yekhayo.

Sabata yoyamba pa esiteti, Keziya sankalankhula ndi munthu. Tsiku lina anatola khala pa ng'anjo ya balani yowotchera fodya. Atafika kunyumba anajambula phiri pakhoma. Mawa lake anaonjezera nyumba yawo ndi mtengo wa papaya umene unali kuseri kwa bafa. Tsiku lachitatu anajambula maso awiri, kenako mphuno, kenako duku lomangidwa mopendekera kumanzere.

A Kefasi pochokera kuntchito anaima pakhomo. Anavula chipewa.

"Ndi akewo maso," anatero, natuluka.

Kuyambira tsiku limenelo Keziya sanawaonenso bambo ake akuyang'ana khomalo. A Kefasi chakudya ankadyera panja, ngakhale kukuwomba mphepo.

Khala silikhalitsa pakhoma la dothi. Limayoyoka. Choncho Loweruka lililonse Keziya ankabwerezanso mizere. Anali ndi kachitini ka makala osankha: la muwanga, lolimba, la mizere yopyapyala, ndi la bulugama, lofewa, limene ankalitikita ndi chala chachikulu kuti masaya aoneke ngati a munthu wamoyo. Maso okha sankawakhudza. Ankaopa kuwawononga, chifukwa anabwera kamodzi kokha, ndipo iye mwini sankadziwa kuti anabwera bwanji.

2. Mabeseni anayi

Chinatha chaka. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, a Kefasi anakwatira mayi Esitere, mkazi wamasiye wa m'mudzi wina wa mbali ya ku Guilleme, amene ankabwera pa esiteti kudzagulitsa mtedza wokazinga. Anabwera kuchitengwa ndi mphasa, miphika iwiri ndi bokosi la zovala. Anali mayi wathupi, wolankhula pang'onopang'ono. A Kefasi ankawaitana ndi mfunda wawo, Nambewe.

Keziya sankawaitana konse. Akafuna kuwalankhula ankangoti, "Inu."

Paja mkazi akalowa m'nyumba, ntchito yake yoyamba imadziwika. Amazira pansi ndi kutsutsuta makoma ndi dothi latsopano, kuti aliyense aone kuti pakhomo pafika mwini moto. Komanso Lamulungu akhristu a mphakati ankayembekezeka kudzapempherera banja latsopanolo. Nyumba inayenera kuwala.

Lachitatu mayi Esitere anapita kudambo kukakumba mtsiro. Pochokera kusukulu Keziya anapeza mabeseni atandandalikidwa pakhonde. Anawawerenga. Anali anayi. Anasuzumira m'nyumba. Makoma nawonso anali anayi.

"Keziya, tabwera mwanawe," anatero mayi Esitere. "Ndili ndi mawu pang'ono a khoma lija."

"Ndikupita kumjigo."

"Madzi alimo m'ndowa, ndatunga kale."

"Amenewo ndi anu."

Ananyamula chigubu n'kumapita.

Kumjigo anapeza Ivy, mwana wa kapitawo, ali ndi anzake awiri.

"Patukani, patukani, wafika Namakala!" anatero Ivy. "Angakudetseni yunifolomu."

Keziya anaika chigubu chake pamzere.

"Tamva kuti chiwanda chako chija akuchikwirira Loweruka. Amayi anga akuti bola. Akuti munthu umalowa kwanu kukapempha mchere, chimunthu chikungokutong'olera maso."

"Ndi amayi anga amenewo."

"Amayi ako ndi uja wa mtedza tsopano. Uzolowere. Ndipo akukatenga abale ake ku Guilleme, adzatsutsute akuimba nyimbo. Ukachita mwano akubweza kwanu kumiyala."

Atsikana aja anaseka chikhakhali. Keziya anachotsa chigubu chake pamzere, nabwerera chopanda madzi.

Madzulo mayi Esitere anayesanso. "Mwanawe, ndimati..."

Keziya analowa kuseri kwa chiguduli, nafunda kumutu, dzuwa lisanalowe n'komwe.

3. Mawu a kunazale

Lachinayi masana Keziya anapita kunazale kukathandiza bambo ake kuthirira mbande za fodya. Kumeneko kunali mayi Benedicta, nkhalamba yochokera ku Chiradzulu, imene inatha zaka makumi atatu ikuyenda m'maesiteti, mpaka kutsidya kwa malire ku Zambia. Msana wawo unali utapindika ngati chogwirira cha kheni yothirira, koma pakamwa panali powongoka kwambiri.

"Iwe mwana wa Kefasi, tula kheniyo. Ukuthira madzi ngati ukumenya mbande. Zakulakwira chiyani?"

Keziya anatula. Mayi Benedicta anakhala pamzere wa dothi, nanunkhiza fodya wawo wa m'kabotolo, nayetsemula kawiri.

"Dzulo ndinalowa kwanu kukabwereka sefa. Ndinaiona nkhope ija. Chaka chatha, utangoijambula kumene, mayi uja ankamwetulira. Pakamwa panali ngati pa munthu amene wabisa nthochi kumbuyo kuti adabwitse mwana. Dzulo ndapeza milomo yalumana, chipumi chakwinyika, ngati kapitawo amene wapeza mbande zouma. Amayi ako sindinawaonepo, koma sindikhulupirira kuti kumene aliko akalipa. Wakalipa ndiwe. Loweruka lililonse ukumawapaka mkwiyo wako kumaso. Chimene chatsala chawo pakhoma paja ndi maso okha."

"Mukatero ndiye kuti afufutidwe?"

"Ndanena zimenezo ine? Waona, ndi matenda ako amenewa. Munthu asanamalize, iwe wayankha kale. Tamvera ndikuuze. Ine ndagona m'nyumba za eni khumi ndi imodzi. Sindinabadwe wopanda kwathu ayi. Amayi anga atamwalira ndinali ku Kasungu. Anthu anandiuza kuti mlongo wanga wagulitsa munda wonse. Patapita mwezi, uyo watulukira, wayenda ulendo wa masiku awiri, mapazi atatupa. Akuti, 'Chemwali, ndabwera ndi mawu.' Ine ndinatseka chitseko n'kuikako mtondo. Anakhala pakhonde mpaka m'mawa, nabwerera. Zitatha zaka zisanu ndi ziwiri, iye ali m'manda, m'pamene ndinamva mawu amene anabwera nawo. Anadzandiuza kuti wandisungira ndime ya kumtsinje, ndipite ndikalime. Ndime imeneyo anadzalima ena. Ine ndi uyu, ndikuthirira fodya wa eni ndi msana wothyoka."

Anatseka kabotolo kawo.

"Mkwiyo uli ndi miyendo, mwana iwe, koma makutu ulibe. Umathamanga. Mkazi uja wakuitana kawiri, ndamva ndili kwathu, makoma athuwa sasunga chinsinsi. Pita ukamve chimene akufuna kunena. Ukamva, ndiye ukwiye. Ukafuna kutukwana ndidzakubwereka mawu, ndili nawo ambiri, ena a ku Chipata. Koma uyambe wamva. Safunsa anadya phula."

"Agogo, mabeseni ndi anayi. Makoma ndi anayi. Ndikamve chiyaninso?"

"Hee! Masamu a kusukuluwa akupusitsani ana inu. Nyamula kheni."

Pobwerera kunyumba Keziya anayenda pambuyo pa bambo ake. Atayandikira mzere wa nyumba anafunsa.

"Ababa, za khoma lija mwavomera?"

A Kefasi sanacheuke. Anali munthu amene mawu ankamulemera kuposa thumba la feteleza.

"Za m'nyumba ukambe ndi amayi ako."

"Amayi anga ali pakhoma."

A Kefasi anasintha makheni, ya kumanja kupita kumanzere, n'kupitiriza kuyenda.

4. Loweruka

Lachisanu masana mayi Esitere anavala chitenje chatsopano, napinda bulangete n'kuliika m'thumba.

"Ndikupita kumudzi," anauza Keziya. "Ndibwera mawa dzuwa lisanafike paliwombo. Mtsirowo usaukhudze. Tidzayambira limodzi."

Keziya anayang'ana kumbali. Mawu a Ivy ndiwo anali m'makutu mwake: akukatenga abale ake, adzatsutsute akuimba nyimbo.

Loweruka m'mawa a Kefasi analawirira kunazale. Keziya anatsala yekha. Anatsekula chitseko kuti kuwala kufike pakhoma, natenga kachitini kake monga mwa masiku onse. Anasankha khala la muwanga. Anaima nalo nthawi yaitali. Kenako analibwezera m'chitini.

"Amayi," anatero mokweza, "dzanja la mlendo silikukhudzani. Madzi anakutengani ndisanatsanzike. Lero ndikuperekezani ndekha."

Anakokera beseni limodzi m'nyumba. Anathira madzi, nakanda mtsiro mpaka unafewa ngati phala, monga anamuphunzitsira amayi ake omwewo.

Anayamba ndi phiri. Dzanja limodzi lodzaza dothi, Michesi yapita. Kenako nyumba. Kenako papaya. Anatsutsuta duku, chipumi, masaya, milomo yolumana ija. Panatsala maso awiri okha pakati pa dothi lonyowa, akumuyang'ana.

Dzanja linaima m'malere. Mtsiro unayamba kuyenderera m'mkono mpaka pachigongono. Panja nkhuku ya aneba inali kutetera.

Keziya anatsinzina, napaka.

Sanalekere pomwepo. Anasalaza khoma lonse bwinobwino, kuchokera kudenga mpaka pansi, osasiya ndi kamng'alu komwe. Atatha sanasambe m'manja. Anakakhala pakhonde, mikono ili dothi lokhalokha, kuti obwerawo aone kuti achedwa.

5. Katundu wa pamutu

Dzuwa litafika paliwombo, anthu akuweruka kunazale, mayi Esitere anatulukira panjira ya kumsewu. Anali okha. Panalibe abale, panalibe nyimbo. Ankayenda pang'onopang'ono ngati munthu wosenza mazira, manja onse awiri atagwira chinthu chaphanthiphanthi chokulungidwa m'bulangete. Fumbi linali litafika m'mawondo.

A Kefasi ndi mayi Benedicta anafika nthawi yomweyo.

"Keziya, tanditula mwanawe," anatero mayi Esitere akupuma mwawefuwefu. "Koma mwaulemu, lingasweke."

Keziya sanadzuke. Anawatula ndi a Kefasi. Atavundukula bulangete, munatuluka zenera: felemu yathabwa yopakidwa utoto wobiriwira, ndi galasi limodzi lalikulu lopanda mng'alu.

"Nanga ichi?" anafunsa mayi Benedicta. "Mwayamba ukalipentala, Nambewe? Nyumba za eni zino saboola."

"Si loboolera ayi, amayi." Mayi Esitere anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Ndi la kunyumba kwanga kumudzi. Anapanga ndi malemu bambo a kwathu, paja anali kalipentala. Zenera lagalasi linali lokhali m'nyumba yonse. Dzulo alongo anga andizulira, pabowopo taikapo njerwa. Wakabaza anakana, akuti ndikaswa mundilipiritsa. Ndiye ndinakwera lole mpaka pamsewu, kwinaku ndayenda."

Anatembenukira kwa Keziya, nkhope ili mwee.

"Lachiwiri uli kusukulu ndinayeza ndi chingwe. Likwana ndendende, kuyambira paduku mpaka pachibwano. Tilikhomera pakhoma, m'mbalimu timata ndi dothi, basi. Fumbi silidzawapezanso amayi ako, ndi khala lomwe lileka kuyoyoka. Phiri ndi kanyumba kaja tizisiya momwemo, khoma limenelo sitilikhudza. Mabeseni atatu ndi a makoma atatu enawo. Beseni lachinayi ndi lozirira pansi. Ndi mawu amene ndinkakuitanira aja. Ndimati mwina sufuna galasi, ndiyambe ndafunsa mwini wake. Utakana kumva ndinangoti ndikatenge, akaliona ndi maso anena yekha."

Apa m'pamene anaona mikono ya Keziya.

Anayang'ana mabeseni a pakhonde. Anali atatu. Analowa m'nyumba.

A Kefasi anawatsatira. Sanakhalitsemo. Anatuluka, nakhala pansi padothi pomwepo, padzuwa, chipewa chili m'manja.

"Wachita chiyani, mwana wanga?"

"Inu simunkawafuna," anatero Keziya. "Chaka chonse simunawayang'anepo. Mumadyera panja."

"Pamaso pako sindikanatha. Bambo salira mwana akuona." A Kefasi anapotokola chipewa chija. "Koma m'mawa uliwonse, iwe ukapita kumjigo, ndinkaima pamenepo. Ndinkawauza kuti wakhoza mayeso. Kuti watalika. Za ukwati uno ndinayamba kuuza iwowo ndisanauze munthu aliyense. Ndine ndinawapempha a Nambewe kuti khoma ilo lisakhudzidwe."

"Nanga Lachinayi, nditakufunsani, bwanji simunanene?"

"Ndinkati ukamve kwa iwo. Ndinkati mwina mukayamba kulankhulana."

Mayi Benedicta analavula malovu kumbali. "Nonse awiri ndinu amodzi. Wina salankhula, wina samva. Nyumba yotere imagwa popanda mvula."

Mayi Esitere anatuluka, nakhala pakhonde patali pang'ono ndi Keziya. Sanakalipe.

"Bambo a kwathu aja anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo," anatero. "Chithunzi chawo ndilibe. Masiku ano ndikafuna kuwakumbukira, amabwera ngati munthu woima m'nkhungu. Mawu ndimawamva, nkhope ayi. Tsiku limene ndinalowa m'nyumba muno ndinati, mwana uyu ndi wamwayi, dzanja lake lasunga chimene mutu wanga unataya. Sindinabwere kudzachotsa munthu, mwanawe. Ndinabwera kudzaphika."

Keziya anadzambatuka n'kuthamangira m'nyumba. Anayamba kukanda khoma ndi zikhadabo pamene panali maso. Mtsiro unali usanaume. Unachoka mosavuta, koma pansi pake panalibe kanthu. Khala linali litasungunukira m'dothi. Panangotsala banga lotuwa, ngati pamene pagona phulusa.

"Ndijambulanso!" anakuwa ali m'katimo. "Dzanja ndi lomweli! Ndijambulanso!"



6. Khala likana

Madzulo a tsiku lomwelo mayi Esitere anatsiriza makoma atatu aja okha, nazira pansi, nakonza pamene Keziya anakanda. Zenera analiyedzamiritsa pakona.

Lamulungu a mphakati anabwera. Anaimba, anapemphera, anawaza madzi odalitsa. Mayi wina wa kwaya anasisita khoma loyang'anana ndi chitseko.

"Koma ili ndiye lasalala kuposa onse! Watsutsuta ndani?"

"Mwanayu," anatero mayi Esitere motsitsa mawu.

"Ee, ali ndi dzanja! Mwapeza mwana womvera, mayi. Ena akanavuta nacho chithunzi chija."

Anthu atabalalika, Keziya anatenga kachitini kake ndi kope la masamu, napita kuseri kwa balani. Anang'amba pepala la pakati. Anajambula maso awiri. Anali maso, inde, koma a munthu wina aliyense. Anang'amba lina. Awa anatuluka aakulu ngati a mwana wa ng'ombe. Ena anatuluka ofatsa, akugwa m'mbali, ndipo atawayang'anitsitsa anaona kuti ndi a mayi Esitere. Analikwinya pepalalo n'kuliponya mu ng'anjo. Otsiriza anatuluka ang'onoang'ono, ouma, aukali. Amenewo ankawadziwa. Ankawaona m'ndowa tsiku lililonse akamasamba kumaso.

Lolemba anayesanso. Kope linatsala chikuto chokha. Anatola mapepala amene anaona ngati ayandikira, napita nawo kwa bambo ake kunazale.

"Ababa, awa?"

A Kefasi anapukuta manja pabuluku, nayang'ana nthawi yaitali. Anapukusa mutu.

"Nanga awa?"

"Ayi, mwana wanga."

"Ndiuzeni tsono. Anali otani? Ndiuzeni, ndijambule."

"Sindingathe kunena. Ndikawaona ndingawadziwe, koma kunena ayi." Anaweramira kheni yawo. "Maso amenewo padziko pano atsala ndi munthu mmodzi, amayi ako aang'ono a Tabeth. Paja kumsika wa ku Migowi anthu ankawasokoneza ndi amayi ako, wina akagula, wina ankapatsidwa chenje."

Keziya anapinda mapepala aja pang'onopang'ono. A Kefasi sanaone mmene nkhope yake inasinthira. Mayi Benedicta anaona.

Anamudikira panjira ya kudambo, namugwira pamkono ndi zala zolimba ngati mizu.

"Sindikuuza kuti ndinanena. Mawu amenewo sanadzutsepo wakufa. Koma chimene chalowa m'mutu mwako pompano ndachiona, ndipo ndikuti chitulutse. Ku Migowi si kuseri kwa balani. Ndi Lilongwe, ndi Blantyre, ndi kupitirira. Iwe unabwera kuno uli pamwamba pa lole, ukulira, njira sunaione. Sudziwa ngakhale ngati a Tabeth akadali komwe unawasiya, poti anthu a kumeneko anamwazikana ngati nyerere zothiridwa madzi. Ine msewu ndimaudziwa. Ndaona atsikana ausinkhu wako akuimika malole, ataphimba mantha ndi kumwetulira. Woyendetsa amati, 'Kwera mwana wanga, usadandaule za ndalama.' Mawu amenewo ndiwo okwera mtengo kuposa onse. Ena ndinadzawapeza patapita zaka m'malo ogona alendo a m'malire, atasintha ndi maina omwe. Ukufuna kukaona maso a amayi ako? Dikira fodya agulitsidwe, bambo ako akuperekeze. Pempha. Mkazi amene anasenza zenera kuchokera ku Guilleme sangakukanize ulendo. Loweruka unathamanga, taona chimene wapeza. Usathamangenso kawiri sabata imodzi."

"Fodya adzagulitsidwa liti, agogo?"

"Mwezi wa Meyi, Juni."

"Pofika Juni ndidzakhala nditaiwala ndi mphuno yomwe."

Keziya anasolola mkono wake.

7. Panjira ya mphanda

Lachiwiri m'mawa Keziya anavala yunifolomu. Anachedwa kutuluka m'nyumba. Mayi Esitere anali panja akutsuka miphika, ndipo atamuona anamupatsa kapepala ka mtedza wokazinga, monga ankachitira tsiku lililonse chibwerereni. Masiku onsewo Keziya ankangodutsa. Tsiku limeneli analandira ndi manja awiri.

"Zikomo," anatero.

Mayi Esitere anamuyang'ana mpaka anakhota kuseri kwa nyumba yomaliza. Anamwetulira okha. Anatsiriza miphika, anapita kumjigo, anabwerako. Kenako anatenga tsache n'kulowa m'nyumba.

Tsache linagwa pansi.

Pakhoma louma lija panali chojambula chatsopano. Duku lopendekera kumanzere. Makutu. Khosi. Mapewa. Koma pakati, pamene payenera kukhala nkhope, panalibe kanthu, dothi lokhalokha losalala. Zenera lija linali litachotsedwa pakona n'kuyedzamiritsidwa pansi pa chojambulacho, galasi litapukutidwa bwinobwino.

Mayi Esitere anakankha chiguduli. Mphasa ya Keziya inali yopindidwa. Chitenje chake panalibe. Kachitini ka makala panalibe. Mabuku onse a kusukulu anali pansi, atasanjidwa bwino.

Anamangitsa chitenje m'chiuno, natuluka akuthamanga, thupi lonse lija, kulunjika kunazale.

"Abambo! Abambo a Keziya!"

Nthawi imeneyo n'kuti Keziya atadutsa kale panjira ya mphanda, pamene ana a sukulu amakhotera kumanzere. Iye sanakhote. Anayenda mpaka pamsewu waukulu wopita ku Lilongwe, naima pansi pa mtengo wa kesha, chikwama chili pachifuwa. M'chikwamamo munali chitenje, mtedza, ndi makala asanu.

Minibasi inaima, kondakitala nakuwa, "Lilongwe! Lilongwe, asisi?" Keziya anapukusa mutu. M'thumba mwake munalibe kanthu.

Patapita nthawi kunamveka kulira kwa lole. Keziya anatulukira pamsewu, nakweza dzanja. Chikhatho chake chinali bii ndi khala.

Lole yoyamba inadutsa, n'kumusiyira fumbi.

Yachiwiri inayamba kuchepetsa liwiro.